Bambo Anakana Kuchoka Paphanga

Lachinayi, pa 6 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mvula yatikwana. Jekete munatumiza lija lafika, koma manja ake atalika. Mwaiwala kuti Bambo anatha thupi?

Paja munati ndiwatengere kumapiri kuja anagwirako ntchito yoperekeza alendo zaka makumi atatu, mwina nzeru zingabwerereko. Ndinapita nawo Loweruka. Ndati ndichite kulemba, chifukwa pafoni mumangoti "Zili bwino?" ine n'kumangoti zili bwino.

Mudziwe kuti patha miyezi isanu Bambo asananditchule dzina. Ndimawasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa, iwo n'kumati "Zikomo, mayi," ngati ndine nesi. Ndiye ulendowu ndinali ndi kanga mumtima: ndinkati akaona mathithi aja ankapita nane atandinyamula paphewa, mwina atembenuka n'kundizindikira.

Titangotsika basi, munthu uja anasintha. Iwo amene kunyumba amasochera popita kubafa, anatola ndodo n'kutsogola. Woperekeza amene ndinamulemba ganyu anangotsalira m'mbuyo atagwira pakamwa. Mvula inkawaza, nkhungu itakuta phiri lonse, koma Bambo njira ili m'mapazi.

"Mayi, mwala wobiriwirawo musaupondepo, ndi woterera. Pondani pamene ndapondapa."

Powoloka mtsinje anandigwira dzanja. Pamathithi anandisonyeza poima kuti ndisanyowe, kenako anandifunsa ngati n'koyamba kufika kumeneko. Ndinati inde. Nanga ndikanatani?

Zinavuta kuphanga. Tinalowa ndi tochi, tinaona mileme, tinabwerera. Potuluka anatiimitsa n'kuyamba kutiwerenga ndi ndodo. Woperekeza uja anandinong'oneza kuti ndilo lamulo la ntchito yawo: sachoka paphanga mpaka onse amene analowa atakwana. Bambo anawerenga kawiri, nkhope n'kugwa.

"Wina watsala m'kati," anatero.

"Tinalowa atatu, Bambo, ndipo tatuluka atatu."

"Ayi, mayi. Mwana wanga watsala. Amakonda kubisala ameneyu."

Anabwereranso m'kati akukuwa, "Kadzidzi! Kadzidzi!" dzina lija ankakuitanirani muli mwana chifukwa cha maso anu aakuluwo. Mawu ankangobwerera okha. Tinakhala pamenepo maola awiri, Achimwene. Mvula inakula, mtsinje tinawoloka uja unayamba kudzaza, iwo ali pamwala akunjenjemera, akuti woperekeza wosiya munthu m'phanga si woperekeza.

Ndiye ndinawanamiza. Ndinawauza kuti inuyo mwatulukira khomo lina, mwatsogola, mukutidikira kunyumba. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa, "Mwamuona ndi maso anu?" Ndinati eya. Anadzuka, tinatsika.

Ndikuuzeni zoona: m'basi ndinalira, ndipo sindinkalirira Bambo okha. Ndinakuchitirani nsanje. Inu zaka zisanu ndi chimodzi osaponda pakhomo pano, koma ndinu amene ankakufunafunani mumdima muja. Ine wochapa zofunda zawo tsiku ndi tsiku anandiwerenga ngati mlendo. Ndikudziwa kuti ndi matenda, ndipo ndikuchita manyazi polemba izi, koma zandipweteka kwambiri.

Chiyambire tsiku limenelo chifuwa chawagwira, ndipo chakudya akungolawa. Chodabwitsa n'chakuti munthu woiwala zonse pakangopita mphindi zochepa, bodza langa lokha ndi limene waligwiritsitsa. Chitseko chikangolira amadzuka: "Wafika?" Ine ndimati ali m'njira. Adokotala anabwera dzulo. Sananene zambiri, koma potuluka anandifunsa ngati pali abale ena akutali oyenera kudziwitsidwa.

Sindikupempha mankhwala kapena china chilichonse chotumiza. Bwerani nokha, ngakhale masiku awiri, adzakuoneni ndi maso, nanenso ndileke kuwanamiza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Moni wa Bambo palibe, chifukwa kwa iwo simuli kutali. Pamene ndikulemba pano akhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo andiuza kuti ndisatseke geti.

Ndine mlongo wanu,
amene akudikira nawo pamodzi.