Msonkhano Wokambirana za Dona, Galimoto ya Madala

KOMITI YA GALAJA YA AMISIRI OGWIRIZANA

Tsiku: Loweruka, pa 14 Malichi
Malo: Mu shedi yakumbuyo kwa galaja
Nthawi yoyambira: 10 koloko m'mawa

Opezekapo: Wapampando (wowotcherera zitsulo), Mlembi (wamagetsi a galimoto), a Pisitoni (makaniko wa mainjini), a Mawa (wopenta), Mayi Singano (wosoka mipando ya galimoto).

Woitanidwa: Achemwali, mwana wamkazi wa Madala amene anayambitsa galaja ino.

Opepesa: A Matayala, akazi awo achira Lachinayi. Mayi ndi mwana ali bwino.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano ndi kulandira Achemwali. Anati Madala nawonso abwera monga amachitira Loweruka lililonse, koma lero awakhazika ku ofesi yakutsogolo ndi kapu ya tiyi, wailesi ili pambali, kuti asamve zokambidwa kuno.

Zolembedwa za msonkhano wathawu zinawerengedwa. A Mawa anapempha kuti pamene palembedwa kuti iwo anagona pasinthidwe, palembedwe kuti anatsinzina. Zinasinthidwa, ndipo zonse zinavomerezedwa.

2. Kalata ya mwini malo

Mlembi anawerenga kalata ya mwini malo. Akufuna shedi yakumbuyo ikhale yopanda kanthu pofika pa 30 Epulo chifukwa amangapo masitolo. Galaja yeniyeni saikhudza.

Wapampando anati m'shedimo muli chinthu chimodzi chokha chovuta, ndicho Dona. Anapempha kuti zilembedwe bwino, kuti odzawerenga m'tsogolo adziwe. Dona ndi galimoto ya Madala, yobiriwira, yazaka zoposa makumi asanu, ya nyali zozungulira, mabampala onyezimira ndi mpando wakutsogolo umodzi wautali ngati benchi. Inaima zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ndipo yakhala pamatabwa kuyambira pamenepo. Onse a m'komiti ino anaphunzira ntchito m'manja mwa Madala. Atadwala matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja n'kuleka kugwira, Madala anatisiyira galaja ndi zida zonse, koma Dona sanaipereke kwa munthu.

3. Lipoti la mmene galimoto ilili

A Pisitoni anati Lachitatu analowa pansi pa Dona ndi tochi. Anapeza kuti chesisi, msana wachitsulo wa galimotoyo, yadyeka ndi dzimbiri, moti sikuludiraiva inkalowa ngati akubaya sopo. Anati kuikoka n'kosatheka, ithyoka pakati isanafike pageti.

Anapitiriza kuti zabwino zikadalimo zambiri. Injini imatembenuka ndi dzanja. Giyabokosi ilibe vuto. Rediyeta ndi yamkuwa ndipo sidontha. Nyali zonse ziwiri, mabampala ndi zogwirira zitseko zili bwino, ndipo galasi lakutsogolo lilibe ngakhale kamng'alu. Anati zinthu zimenezi sizipezekanso m'sitolo iliyonse, ndipo anthu osunga magalimoto akale amayenda mitunda kuzifunafuna. Maganizo awo anali oti Dona iphwasulidwe, zipangizo zigulitsidwe chimodzichimodzi, ndipo ntchito iyambe Lolemba chifukwa masabata asanu ndi limodzi ndi ochepa.

Wapampando anadziwitsa komiti kuti wogula zitsulo zakutha anabweranso, akufuna kutenga galimoto yonse poyeza pasikelo. Palibe amene anagwirizana nazo. Mayi Singano anati munthu ameneyo anaponda bampala ndi nsapato akutchula mtengo, ndipo akadzabweranso ayimire panja pa geti.

A Mawa anatsutsa zophwasula. Anati Dona ikhoza kudzuka atapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi. A Pisitoni anati mawu amenewa akupezeka m'zolembedwa za misonkhano ya zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chimene chapentedwa mpaka lero ndi chitseko chimodzi. A Mawa anati mtundu wobiriwirawo ndi wovuta kusakaniza. A Pisitoni anati dzina loti Mawa sanapatsidwe ndi adani. Wapampando anapempha onse awiri kuti akhale pansi.

Atakhala, a Mawa anapemphanso kuyankhula. Anati akudziwa kuti Dona sidzayendanso, ndipo anadziwa kalekale. Anati ankachedwetsa dala, chifukwa Loweruka lililonse Madala amayamba aona chitseko chija, n'kuwakalipira kuti ntchito sikuyenda.

"Ndikanamaliza akanabwera kudzakalipira ndani?" anafunsa a Mawa.

A Pisitoni anapempha kuti mawu awo onena za dzina achotsedwe. A Mawa anati asiyidwe, ndi oona.

4. Mawu a kubanja

Achemwali anathokoza komiti posunga galimoto ya bambo awo zaka zonsezi. Anati kubanja agwirizana kuti iphwasulidwe, popeza nyumba imene akukhala ilibe bwalo, ndipo zimene zipezeke zithandize pa chisamaliro cha Madala.

Anati chowavuta si galimoto. Sabata yonse bambo awo amakhala pampando pafupi ndi zenera, mawu awo a tsiku lonse osakwana khumi. Koma Loweruka amadzuka okha, amavala ovololo, n'kuima pakhomo kudikira. Akafika kuno amakhala mu Dona maola awiri, dzanja lamanzere pachiwongolero, ndipo sakhala pakati pa mpando, amasiya malo kumbali kumene kunkakhala malemu amayi awo.

Achemwali anati mpaka lero sanawauze. "Ndayesa katatu, pakamwa pamandilemera. Ndimangowafunsa ngati akufuna tiyi wina."

Anapempha komiti kuti isankhe munthu wokawauza. Wapampando anati nkhani yabwera ndi kalata, ndipo makalata ndi a Mlembi. Mlembi anati ntchito yake ndi kulemba zimene ena anena. A Mawa ankayang'ana kudenga. A Pisitoni anapereka maganizo oti Dona iphwasulidwe mkati mwa sabata, Madala auzidwe kuti yapita kukapentedwa ku galaja ina, ndipo pang'onopang'ono adzaiwala.

Mayi Singano anakana. Anati pamene magalaja ena ankawaseka kuti mzimayi akufuna chiyani pakati pa zitsulo, Madala anawapatsa mpando wakumbuyo wa Dona yomweyi kuti aphunzirirepo. Anausoka mokhota, ndipo Madala anawauza pamaso kuti wakhota, n'kuwasomboletsa kanayi. Anati munthu amene sanawanamizepo ngakhale pofuna kuwasangalatsa, iwo sangamunamize ngati mwana wopita naye kukabayitsa jakisoni.

Nkhaniyi inali isanathe pamene kunamveka ndodo pasimenti.

5. Kufika kwa Madala

Mfundo iyi sinali pa ndondomeko. Madala analowa okha, ndipo onse anaimirira. Anakana mpando, n'kutsamira boneti ya Dona. Mawu awo amatuluka pang'onopang'ono masiku ano, ndipo palibe amene anawadula.

Anati tiyi wazizira, wailesi ikungonena za mpira, ndipo amene anawakhazika ku ofesi anaiwala kuti zenera la kumeneko limayang'ana kuno.

"Ndamva zonse. Lafa ndi dzanja, makutu alipo."

Anatembenukira kwa a Pisitoni. "Iwe, bodza ndinakuphunzitsa ndine?"

A Pisitoni anavula chipewa ndi kupepesa. Anati amafuna kuwateteza kuti asadandaule.

Madala anauza Mayi Singano kuti atsegule chitseko cha dalaivala ndi kuchotsa kapeti wa pansi. Atachotsa, panaoneka dzenje lolowa phazi, simenti ikuoneka pansi pake, ndipo pamwamba panali kachidutswa ka katoni. Madala anati chidendene chawo chinaboola pamenepo zaka ziwiri zapitazo, ndipo katoniyo anaikapo okha.

"Ndinkaopa kukuuzani. Ndimati anawa aikonda galimoto iyi, akadziwa awawidwa mtima."

Achemwali anatuluka panja pang'ono. Wapampando anaimitsa zokambirana mpaka anabwerera.

Atabwerera, Madala anayamba kupereka malangizo, ndipo anauza Mlembi kuti alembe osadumpha. Galasi lakutsogolo lisatokosedwe ndi chitsulo. Labala wake adulidwe ndi mpeni kuzungulira, ndipo galasilo linyamulidwe ndi anthu awiri, ligonekedwe pabulangete. Nyali zikulungidwe iliyonse payokha. Mabawuti a chipangizo chilichonse aikidwe m'chitini chakechake, apite limodzi ndi chipangizocho, chifukwa wogula sadzawapeza kwina.

Anafunsa amene akufuna giyabokosi. A Pisitoni anati alipo awiri. Wina ndi wamalonda amene amagula zoterezi n'kumasunga m'sitolo kudikira mtengo ukwere, ndipo ndiye wolonjeza zambiri. Wina ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene ali ndi galimoto ya mtundu womwewu, yabuluu, yoima zaka zitatu chifukwa cha giyabokosi yokha. Madala anati ipite kwa mphunzitsiyo. Achemwali anavomereza m'malo mwa banja. Madala anawonjezera kuti mphunzitsiyo auzidwe kuti giya yachiwiri sifuna kukakamizidwa m'mawa, ndipo malemu akazi awo ndi okhawo amene ankailowetsa osaikhulitsa.

Achemwali anafunsa: "Nanga Loweruka muzikhala pati, ababa?"

Madala anati kunyumba kuli bwino, amasamalidwa, koma kuli zii. Kuno amamva nyundo, amamva wina akutukwana bawuti, amamva fungo la oyilo. Anati mu Dona ankakhalamo chifukwa ndi mokhamo mmene sakanatsekereza munthu njira.

Mayi Singano anapereka maganizo oti mpando wakutsogolo usagulitsidwe. Iwo ausokanso, Wapampando auwotcherere miyendo, ndipo uikidwe pakhomo la galaja yaikulu pamene pamaoneka ntchito yonse. Wapampando anati kutsekereza njira ndi nkhani yabodza, amene akuona kuti njira yachepa azizungulira. A Mawa anadzipereka kupenta miyendoyo. A Pisitoni anafunsa kuti liti. A Mawa anati Lachisanu, ndipo anapempha Mlembi kuti adule mzere pansi pa tsikulo.

Mlembi anafunsa ngati chiwongolero nachonso chisungidwe, kuti chimangiriridwe kutsogolo kwa mpandowo. Madala anati iwo si mwana woti azisewera galimoto pakhonde. Chiwongolero chipite kwa amene ali ndi matayala oti awongole. Mpando wokha anauvomera, koma anati ukhale wonse mmene ulili, usadulidwe kuti ukhale wa munthu mmodzi.

6. Mfundo zomangidwa

(a) Dona iphwasulidwa motsatira malangizo a Madala, ndipo iwo ndiwo ayang'anire ntchitoyo. Zikuluzikulu zizichotsedwa Loweruka iwo alipo.
(b) Giyabokosi ipita kwa mphunzitsi. A Pisitoni akamuuza, pamodzi ndi nkhani ya giya yachiwiri.
(c) Palibe chipangizo chigulitsidwe Achemwali asanadziwe kumene chikupita.
(d) Mpando wakutsogolo utsala pa galaja.
(e) Chotsalira chidzaperekedwa kwa ogula zitsulo zakutha, koma osati uja.

Onse anavomereza. A Mawa anakweza dzanja pomaliza.

7. Zina ndi zina

Madala anapempha kuti bawuti yoyamba amasule okha, lero lomwe. Anasankha ya bampala yakutsogolo. Anaitanitsa sipanala potchula nambala yake osayang'ana, ndipo inakwana. Wapampando anawaikira tayala lakale kuti akhalepo. Achemwali anagwada kumbuyo kwawo n'kuwagwira m'mapewa. Madala anakoka ndi dzanja lamanzere kanayi. Bawuti sinasunthe.

A Pisitoni anabwera ndi paipi yaitali kuti alumikize ku sipanala. Madala anawaletsa.

"Yakhala pamenepo zaka makumi asanu, sichoka chifukwa wabwera ndi paipi. Ithire oyilo, imwe sabata yonse. Tidzayesanso Loweruka."

Wapampando anafunsa a Pisitoni ngati masiku otsalawo alola. A Pisitoni anabweza paipi pamalo pake, n'kubwera ndi kachitini ka oyilo. Anagona chagada pasimenti ndi kuthira bawuti zonse zinayi za bampalayo, Madala akuwalozera ndi ndodo. Atadzuka anati masiku alola, ndipo ngati sakwana iwo azibwera Lamulungu masana.

Komiti inagwirizana kuti pasapezeke wokhudza Dona mpaka Loweruka.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzachitika Loweruka pa 21 Malichi, malo omwewa, 10 koloko m'mawa. Mamembala abwere atavala zogwirira ntchito.

Popanda nkhani ina, Wapampando anathokoza onse ndi kutseka msonkhano nthawi itatsala mphindi khumi kuti ikwane 12 koloko. Mamembala anabwerera ku ntchito zawo. Madala analowa mu Dona, ndipo anaitana Achemwali kuti akhale nawo kutsogolo.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________