Malata a Goliati

Phalula, Januwale 1955

Wokondedwa Elliam, mwana wa mlongo wanga,

Goliati wa ku Chikweo akali moyo. Ndayamba ndi iyeyu chifukwa moni sathawa. Kuno tili bwino, kupatula chifuwa changa chomwe chikukana mankhwala. Kaya iwe ndi ana ku Zombako?

Aphunzitsi atiwerengera nyuzi yakuti akuluakulu a ku khonsolo akukangana zopatsa malata anthu amene anatumikira boma, ndiponso zoletsa amesenjala kulowa m'nyumba za eni popanda chilolezo. Ena akuti makasu amene timasula ife akuda atetezedwe. Ndaseka mpaka kutsokomola. Atetezedwe lero, mvukuto wanga utapita kalekale?

Unali mwana pamene Goliati, ali mesenjala, anabwera atavala za boma kudzafuna mfuti imene ankati ndikusula. Anakankha chitseko mpaka kuchipinda, mkazi wanga Anastasia akuvala. Mfuti sanaipeze, koma anatenga mvukuto ndi nyundo, ndipo zimene anaona anakazifotokoza pamowa. Zimene Anastasia anachita pambuyo pake ukuzidziwa, sindilemba.

Tsono Goliatiyo ndiye adzagone pansi pa malata, ine denga likundidonthera. Agone, dzimbiri lidye malatawo pamodzi ndi iye.

Iwe umasesa m'maofesi a bomamo, ndipo mwana wa Goliati umaonana naye. Umuuze kuti zida zanga sindikuzifuna, manja anatha. Ndisanafe, bambo wake abwere masana anthu akuona, aime pabwalo panga chipewa chili m'manja, anene "odi". Ine ndidzakhala m'katimo, ndikumumva bwinobwino, osayankha.

Ndine malume ako,
Blasius