Anamwali a M'botolo

Lachisanu, 18 Okotobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kalata yanu ndinalandira, ndipo za bondo lanulo ndamva. Musamalimbane ndi makatoni a m'sitolo, ana alipo. Musadabwe kuona zilembo zikuluzikulu ngati za pachikwangwani, ndikulemba ndi cholembera cha pamabotolo. Mukudziwa kuti ine nkhani sindiyambira pakati, ndiye kokani mpando.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi mwakhala mukundiseka kuti mlongo wanu amaweta ntchentche ku yunivesite. Alamu mpaka anandifunsa tsiku lina kuti, "Nanga mkaka wake mumakama m'mawa kapena madzulo?" Tinaseka, koma ntchitoyo sindinakufotokozereni bwinobwino. Lero ndiyenera kutero, apo ayi simumva chimene ndachita.

Si ntchentche zakuchimbudzi ayi. Ndi tija tating'ono ta maso ofiira timaunjikana pa nthochi yoola. Timazisunga m'mabotolo otseka ndi thonje, m'chipinda chopanda zenera, chofunda chimodzimodzi chaka chonse. Ine ndimaziphikira phala la ufa, shuga ndi yisiti, n'kumatsuka mabotolo, ndiye onse amangonditchula Bambo Mabotolo. Ophunzira amazikonda chifukwa sizichedwa: dzira lero, mawa mphutsi, pakatha masiku khumi yatuluka m'chikwa ntchentche yathunthu. Mwezi umodzi waona makolo, ana ndi zidzukulu.

Kusukulu sindinapondeko, inu ndinu mboni. Zilembo ndinaphunzirira pa timapepala ta mabotolo, zina zonse ndinatola ndi khutu nditaima pasinki. Ntchentche yaimuna kumbuyo kwake n'kwakuda, ndipo imafunsira ngati munthu: imalondola yaikazi, n'kutambasula phiko limodzi n'kumalinjenjemeretsa, ati kuyimba kumeneko. Yaikazi ikalola kamodzi imasunga mbewu ya mwamunayo m'thupi, n'kumaikira mazira masiku ambiri osafunanso wina. Ndiye ukafuna kudziwa bambo wa ana, uyenera kupeza yaikazi yosakhudzidwa, ife timati namwali. M'mawa umakhuthula botolo, isatsalemo ngakhale imodzi. Zimene zituluke m'zikwa pambuyo pake umazitenga maola asanu ndi atatu asanakwane, zisanakhwime. Umazigoneka ndi mpweya, n'kuziyala pansi pa maikulosikopu, n'kumasankha ndi kaburashi, akazi uku, amuna uko. Anamwaliwo umawasunga paokha masiku atatu. M'phala mwawo mukaoneka mphutsi, ndiye kuti wina anafikapo kale; umataya onse n'kuyambiranso.

Pa ntchito imeneyi panalibe wondiposa. Aprofesa, mkulu wathu, ankauza alendo akundiloza kuti, "Makina angalakwitse, koma awa ayi."

Tsono tili ndi wophunzira wina, mayi wa ana awiri, timamutchula Kamphepo chifukwa cha kayendedwe kake. Zaka zinayi wakhala akulimbana ndi chinthu chimodzi: ntchentche zazikazi za mtundu wina zikakwatiwa ndi zazimuna za mtundu winawake, mazira saswa. Iye ankayesa mankhwala m'phala kuti mwina angaswe. Mu Febuluwale mwana wake anagonekedwa m'chipatala, ndipo anandipeza pasinki.

"Bambo, mundisankhireko anamwali masabata atatu. Ine ndizingobwera kudzakwatitsa."

"Pita ukaone mwana," ndinatero. "Atsikana ako ali ndi mlonda."

"Mlonda wake asamagone!" anatero akuseka, uyo wapita.

Chimene iye sanadziwe, chimene inunso simukudziwa, n'chakuti maso anga anayamba chaka chatha. Poyamba unali ngati utsi m'mbalimu, kenako unalowera pakati. Sindinauze munthu. Nyumba ndimakhalayi ndi ya kuntchito, ndipo kuchokera pamene mlamu wanu anatisiya, anthu oti ndizilankhula nawo ndi a m'chipinda chija basi. Ndinkasankha ndi chizolowezi, kungoona kukula kwa thupi, n'kumadziuza kuti dzanja likudziwa.

Sabata yachiwiri ndinanyamula botolo la anamwali, mphuno n'kundiuza maso asanaone. Phala linali litasungunuka pamwamba, fungo lake lowawasa. Ndinaliyandikitsa pa getsi. Mphutsi, achemwali, zili yakaliyakali. Ndiye kuti m'mabotolo ndinkati ndakhuthula aja munkatsala amuna, ndipo atsikanawo anali atalandira kale mbewu ya abale awo.

Lamulo ndimalidziwa, ndine ndemwe ndimaphunzitsa a chaka choyamba. Koma ndinaganiza kuti ndikanena afunsa zatheka bwanji, akafunsa anditumiza kwa dokotala wa maso, ndikapita kumeneko basi kwatha. Ndinasamutsira akaziwo m'botolo latsopano, lakale lija n'kulitsuka ndi madzi otentha. Masana Kamphepo atabwera ndinamupatsa ndi manja awiri. Sabata yachitatu ndinachitanso chimodzimodzi.

Mazira anaswa. Akanalekeranji? Kamphepo anakuwa mpaka a muofesi anatuluka, akuti mankhwala agwira. Anandibweretsera keke, ndipo ndinadya. Analemba zonse, Aprofesa n'kupita naye kumsonkhano waukulu kunja, anthu n'kumuombera m'manja. Kenako a mayunivesite ena anayesa njira yake, mazira osaswa. Iye mwini anabwereza kanayi, akusankha anamwali yekha, mazira osaswa.

Tsiku limene Aprofesa anamuyitana ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikuyanika mabotolo.

"Anasankha anamwali nthawi imeneyo ndani?"

"Bambo Mabotolo."

"Ndiye vuto si anamwali. Manambala awa unawatenga kuti?"

"Ndinawerenga mphutsi ndi maso angawa, bwana!"

"Kapena unaziikamo wekha."

Mwamva? Dzina langa labwino ndi limene linamumanga. Ndipo iye sanandikayikire ngakhale pang'ono. Anabwera pasinki maso ali psuu, n'kunena kuti, "Bambo, kapena ndapenga? Kapena ndinasokoneza mabotolo, mutu uli kuchipatala?" Ine n'kumuyankha kuti, "Limba mtima mwanawe, Mulungu akuona." Pakamwa pa mlongo wanu pamenepo.

Lolemba lapitali komiti inagamula kuti Kamphepo achotsedwe ngati wachinyengo, ndiponso kuti kalata ipite m'mayunivesite onse. Lachiwiri chakudya chinandikanika. Lachitatu m'mawa ndinavala jekete n'kukagogoda kwa Aprofesa, ndipo ndinanena zonse monga ndakulemberanimu. Iwo anangomwetulira.

"Mtima wanu timaudziwa, bambo. Koma musadzipake matope chifukwa cha munthu wabodza. Pitani mukamwe tiyi."

Taonani, kunama anandikhulupirira, zoona n'kundikana! Ndinati, "Bwana, tiyeni kuchipinda. Mugoneke ntchentche makumi awiri ndisankhe inu mukuona."

Anapita monyinyirika. Ndinakhala pa mpando wanga uja, kaburashi m'manja, ndipo sindinachite dala ayi, ndinayesetsa ndi mphamvu zanga zonse, mwina mumtima ndinkafunabe kupambana. Nditamaliza anakhala iwo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwa akazi anu khumiwa, anayi ndi amuna." Anavula magalasi. "Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, bwana."

"Mphutsi zija munaziona?"

"Ndinaziona."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotenga kaburashi kaja m'manja mwanga n'kukaika m'thumba la malaya awo.

Kamphepo sachotsedwa, kalata ija aibweza. Koma kumsonkhano kuja dzina lake linamveka kale, ndipo ntchito yonse ya chaka chino ayambiranso. Dzulo anabwera pasinki. Sanakhale pansi.

"Mukanandiuza tsiku lomwelo akanakhala masabata awiri basi," anatero. "Awiri! Mwamuna wanga anandifunsa m'nyumba mwanga ngati n'zoona kuti ndinanama. Mwana wanga wamkulu anazimvera kusukulu."

Ndinagwada pa simenti yonyowa.

"Dzukani bambo, zimenezo sizindithandiza."

Anasonkhanitsa mabotolo ake akuda m'beseni, n'kutsegula mpopi winawo, n'kuyamba kutsuka yekha. Tinaima moyandikana ola lathunthu, aliyense akutsuka ake.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ine ntchito yatha, ndipo makiyi a nyumba akuwafuna pa 31. Dokotala wa maso wandiona lero, akuti diso lakumanzere lapita, lakumanja andipatsa mankhwala odontheza kuti lisathamange. Kachipinda kaja kakuseri kwa sitolo, mumasungamo makatoni, kadakalipo? Katundu wanga ndi bedi, wailesi ndi sutikesi. Kusesa nditha, kulondera pakhomo masana nditha, ndipo pakamwa mukudziwa kuti makasitomala sangasungulumwe. Alamu muwawerengere kalata yonseyi, musadumphe pena. Sindikufuna aziganiza kuti ndapuma pa ntchito ayi, adziwe kuti andichotsa, ndi chifukwa chake, kenako anene okha ngati angandisunge. Akakana sindidandaula.

Mundiperekere moni kwa alamuwo, kwa mwana wanu wa utelala ndi mkazi wake, ndi kwa kamdzukulu kanabadwa mu Juni kaja. Muwauze asakachotse pafupi, ndikufuna ndidzakayang'ane nkhope ndikangofika. Mukavomera, ndidzakwera basi ya m'mawa Loweruka, pa 2 Novembala. Amene adzandichingamire pa depoti asadzandikupizire dzanja, ndidzamudutsa. Adzandiyitane ndi mawu, dzina lija ankandiyitanira amayi.

Ndine mlongo wanu,
wotsiriza kubadwa