Makapusozi m'jekete la bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uli bwanji? Kuno tilipo. Ndalemba kalata dala, chifukwa pafoni nkhani ikakuthinani mumanamizira netiweki.

Bambo ayamba kulandira mankhwala a khansa aja. Si othothola tsitsi ayi. Awa ndi a m'diripi, ndipo ntchito yake ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane chokha ndi chotupacho. Adokotala akuti m'matumbo mwa munthu mumakhala tizilombo tabwino tothandiza chitetezocho, ndipo munthu akamamwa maantibayotiki mwachisawawa timafa, mankhwala a khansawo n'kulephera kugwira bwino.

Ndiye anapempha chimbudzi cha bambo pang'ono kuti akapime. Bambo anakana kwamtuwagalu. Akuti munthu wopempha chimbudzi cha mnzake ali ndi zolinga zake, ngakhale atavala zoyera. Kabotolo kanachita fumbi pawindo la bafa mpaka ndinawagwadira.

Zotsatira zitabwera, adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati pali amene akuwapatsa bambo makapusozi a maantibayotiki kunyumba, poti m'matumbomo muli ngati mwasesedwa. Ine ndinakana molumbira, ndi Chingerezi changa chonse cha kuyunivesite.

Dzulo ndikuti ndichape jekete munatumiza lija, ndinamva m'mphepete mwake mukulira tseketseke. Kusola ulusi, makapusozi ofiira ndi achikasu mbwee pansi, timapepala take tina tili topanda kanthu. Bambo osaphethira n'komwe, akuti mwina telala anaiwalamo. Telala wake uti wosoka ndi ulusi wobiriwira uja amayi amasokera chilichonse? Komatu amayi ndi mwendo umene uja safika kusitolo ya mankhwala. Ndipo m'banja mwathu katswiri wokhulupirira kuti kapusozi amachiza zonse, kuyambira chimfine mpaka mkwiyo wa apongozi, alipo mmodzi. Sindikutchula munthu. Ndikungoti kalatayi sindinalembere azakhali.

Ndikudziwa kuti munamva bambo akutsokomola pafoni, mtima n'kuwawa. Inenso umawawa. Lamba wawo ndaboolanso bowo lina sabata ino.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangowerenga, mundiimbire, mundiuze kuti aka kanali koyamba kapena munawapatsanso ena pamene ankachoka kumudziko kubwera kuno. Bambo atseka pakamwa, ndipo adokotala akufuna kudziwa diripi yotsatira isanakwane, kuti aone ngati mankhwalawa angagwirebe kapena asinthe njira. Zopepesa musavutike nazo, ndidzazitenga ndekha ndikadzabwera.

Mupereke moni kwa amayi, ndipo muwauze kuti kusoka amakutha, ndavomereza. Moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Bambo akupereka moni, ndipo akufunsa tsiku ndi tsiku za thalauza munalonjeza lija. Chidwi chotere pa zovala sindinawaone nacho chibadwire. Litumizeni ndithu. Lumo ndagula kale.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati sukulu inamuwononga