Botolo la Chivundikiro Chofiira

Lolemba, 4 Meyi

Ndili kwa amayi. Ketulo yawo yachita zoyera zokakamira mkati. Kale ukanakhala mlandu. Zaka makumi awiri akuphika pasukulu yogonera komweko, mapoto waliwali. Chinsinsi chake botolo la chivundikiro chofiira lija: asidi wa mandimu, woyera ngati shuga. Masupuni awiri m'madzi owira, ketulo mbee. Pang'ono mu jamu kuti agwire. Padzimbiri la malaya a bambo. Ine ndinkaba n'kumanyambita, nkhope yonse makwinya. Iwo: "Udzatha mano, nyani iwe." Ndawasowa amayi amenewo.

Lachitatu, 6 Meyi

Achimwene aimba foni. Akuti amayi akuiwala kwambiri, asakhalenso okha. Ndakana. Bambo atamwalira ndinawalonjeza amayi kuti sindidzawachotsa m'nyumba mwawo. Achimwene kulamula amatha, kubwera ayi.

Loweruka, 9 Meyi

Amayi andipangira tiyi. Mkaka wonse mibulumibulu, kuwawasa kofika m'makutu. Athira za m'botolo lofiira, amayesa shuga. Pang'ono chonchi sapha munthu, taseka mpaka misozi. Yanga sinali ya kuseka yokha. Ndamata pepala pabotolo, zilembo zikuluzikulu. Achimwene sindiwauza.

Lachinayi, 21 Meyi

Mayi oyandikana nawo anawapeza amayi pakhomo la bafa, akutsokomola, maso ali psuu. Anasakaniza asidi ndi bulitchi woyeretsera zovala m'ndowa, chitseko chotseka. Eni lamulo! Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu anandimenya padzanja chifukwa chongoyandikizitsa mabotolo awiriwo. "Awa sakwatirana, utsi wake umapha." Adokotala akuti mwayi, zenera linali lotsekula. Pepala langa lija likadali pabotolo, silinathandize kanthu. Ndikuopa.

Lamlungu, 24 Meyi

Ndinapita ndi mawu okonzakonza oti asamukire kwanga, chikwama chopanda kanthu ndabisa kuseri kwa chitseko. Ndawapeza kukhitchini, ketulo ikuwira, kafungo kowawasa kaja ngati Loweruka lililonse la ubwana wanga. Aitsukuluza katatu, monga ankatiphunzitsira. Kenako andipatsa botolo m'manja. "Sunga iwe, mwanangu. Lero ndikulidziwa, za mawa sindinganene." Ndisanatsekule pakamwa, afunsa ngati kwanga kuli ketulo.

Ilipo. Yamagetsi, yatsopano, yosafuna kutsuka. Ndayankha kuti ndi yakuda zochititsa manyazi.

Apita kukatenga nsapato.