Mawu a malemu pa COM3

Gulu: Sikelo ya kwa Dziwani
Jestina, Pilira, Innocent IT

[07:42] Jestina: iwe Innocent sikelo yakhala chete. alimi akuika matumba a kachewere, manambala akubwera pa computer koma mawu a malemu amuna anga sakumveka

[07:43] Jestina: thumba lililonse amati "zikomo, tsitsani". anajambula okha ali moyo. wawatani?

[08:10] Innocent: mwadzuka bwanji aunt. ndi driver yatsopano ndinaika dzulo ija. kabokosi kolumikiza sikelo ndi server kanali pa COM3, pano kakuwerengedwa pa COM7

[08:11] Jestina: kabwezere pa 3 pomwepo

[08:30] Innocent: sizingatheke aunt. nditapanga restart driver yakale inapita ndi zake zonse

[08:31] Jestina: ndinakuitana chifukwa sikelo imaduladula. sindinati udzachotse mwamuna wanga

[08:33] Jestina: 🎤 voice note 1:12

[10:05] Jestina: wamvera. ndikuona blue

[11:27] Innocent: Pili masteni ako andikwiyira heavy. ndawauza kuti ndi driver monga tinapangana. asadziwe kuti file ndinachita kudilita

[11:27] Innocent: 🚫 uthenga wafufutidwa

[11:28] Jestina: wachedwa. standard 6 yangayi kuwerenga imatha

[11:29] Jestina: Pilira mwana wanga wobala ndekha. tuluka uyankhe

[12:46] Pilira: amama pepani. pa sikelopo ndimakhala ndine tsiku lonse. thumba lililonse adadi akulankhula, ine nkumalira pamaso pa alimi. ndinakuuzani simunandimve

[12:47] Jestina: ukanatsitsa volume

[12:49] Jestina: zovala abale awo anagawana. njinga anatenga, ngakhale jekete ya mphepo ija. ine chonditsalira chinali mawu awiri amenewo basi

[12:50] Jestina: ndiye mwandipusitsa ndi ma COM anuwo poti sindinapite patali ndi sukulu

[13:15] Innocent: aunt ndalakwa. ndiyesa recovery koma ndinaika zinthu zambiri pamwamba pake, sindikulonjeza

[13:16] Jestina: usakhudzenso server imeneyo. makiyi usiye kwa mlonda

[15:02] Pilira: 📞 missed call

[15:03] Pilira: amama plz

[16:40] Jestina: mawa usabwere. pa sikelo ndikhala ine. zikomo tsitsani ndizinena ndekha

[16:41] Pilira: amama

[16:58] Pilira: amama yankhani foni ✓