Loweruka Musabwere ndi Ngolo

Gent, Lachiwiri

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko? Msana uja wasiya kukuvutani? Amayi akuti mukunyamulabe nokha mitolo ya udzu wa ng'ombe ngati kuti mwana wanu Warre kulibe. Ife kuno tili bwino, ine ndi azakhali a Godelieve, kungoti mvula siikutipatsa mpata.

Mwina mudabwa kulandira kalata. Pa foni mukandifunsa zinthu ndimangoti eya, eya, mawu enieni amabwera mutadula. Ndiye ndati ndilembe, poti munandituma kudzathandiza azakhali kulongedza katundu, komanso kuti ndizikuuzani zoona za mmene akukhalira chisiyireni maso awo kuona.

Makatoni munandipatsa aja akadali kuseri kwa chitseko. Tsiku loyamba nditati tiyambe ndi mbale, azakhali anati mbale sizithawa, ndivale jekete. Anatenga ndodo yawo yoyera, ife ulendo. Ine ndimayesa ndikawatsogolera. Ayi ndithu! Amadziwa pokhotera pomva fungo la buledi, amadziwa kuti tafika pa mlatho sitima ya mumsewu ikasintha kaliridwe. Amene anasochera ndi ine, foni ili m'manja. Anandikoka mkono n'kundifunsa ngati kwathu kumudzi anthu amayenda atatsinzina.

Tinapita ku myuziyamu yaikulu ya zithunzi ija, ya pafupi ndi paki. Lamulo la azakhali n'lakuti chithunzi chimodzi pa tsiku, basi. Timatenga timipando topinda pakhomo, n'kukakhala patsogolo pa chithunzicho, anthu ena n'kumatidutsa ngati akuthamangira basi. Kamakina kolankhula m'khutu kaja amakakana, akuti kamangotchula zaka ndi mayina, sikanena ngati munthu wajambulidwayo wadya kapena ayi.

Titakhala anati ndiwauze chomwe ndikuona. M'chipindamo munali zii. Ndinanong'ona kuti n'chokongola.

"Chokongola! Wogulitsa nsomba nayenso amati nsomba zake n'zokongola. Ukuona chiyani, mwana iwe? Ndipo kweza mawu, n'maso amene anafa, koma makutunso si a mtsikana."

Bambo, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Koma ndinayamba. Ndinati pali ng'ombe m'mbali mwa madzi, mitambo yatsika, ndi mayi wanyamula ndowa. Anati ndipitirize. Ndinayang'ana nthawi yaitali, kenako ndinati ng'ombe yakumanzereyo bere ladzaza, mayiyo wachedwa kukama, ndipo maso ake sali pa ng'ombe, ali kumsewu, akudikira munthu. Azakhali anaseka mpaka mlonda anasuzumira. Akuti zaka zonse zomwe ankabwera ali ndi maso ankangoyang'ana mitamboyo. Anandigwira bondo n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku ena timapita ndi a Cyriel, a m'nyumba yapansi, amene kale ankayendetsa sitima za mumsewu. Ndi amene amawaperekeza ine ndisanabwere. Awiriwa sakhala osakangana.

"Awa amafotokoza chithunzi ngati akulengeza potsikira," amatero azakhali. "Mwamuna. Chipewa. Galu. Tafika, tsikani."

"Nanga nditani, mayi? Chipewa n'chipewa. Inu mumafuna ndikuuzeni zomwe galuyo akuganiza."

"Mwanayu amandiuza."

"Ndiye mwandichotsa ntchito, eti? Chabwino, ndizingonyamula mipando."

Amanyamuladi, ndipo tikatuluka amatigulira tchipisi, timadyera m'mbali mwa mtsinje titabisala mvula. Dzana ndinawamva a Cyriel akuyeserera okha pa masitepe, akuti galuyo akuoneka ngati waba nyama. Akuphunzira.

Lachisanu tinapita ku kamyuziyamu kena ka ziwiya zakale za m'nyumba, komwe zina amalola kugwira. Azakhali anapapasa chopukusira khofi n'kukuwa kuti n'chimodzimodzi ndi cha agogo. Ndiye anandiuza za kamnyamata kena kamene kanapisamo chala kuti kaone ngati mano ake ndi akuthwa, kanalira mpaka oyandikana nawo anabwera. Bambo! Chipsera chija mumatiuza kuti n'cha thirakita! Ndinaseka mpaka misozi. Musaope, Warre sindimuuza. Mwina.

Tsopano zovuta, poti ndinalonjeza kusabisa. Pa dzanja lamanja ali ndi bala la madzi otentha, akuti anaphonya kapu ine ndisanafike. Mufiliji ndinapezamo tchizi chochita nkhungu, iwo osadziwa. Makalata aunjikana osawerengedwa. Sabata yatha anagunda njinga yomwe wina anaisiya pa njira ya oyenda pansi, mwendo unatupa, ndipo mawu amene anatukwana sindingawalembe pano. Zonsezi n'zoona, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake simugona nazo mtendere.

Koma dzulo kunachitika chinthu. Tinakhala pa chithunzi cha chisanu, mtsinje waundana gwa ndi kuzizira, anthu akutsetsereka pamwamba pake. Ndinafotokoza mmodzimmodzi, wakugwa, womuseka, kamtsikana kokoka mng'ono wake pa thabwa, kagalu kothamanga pambali, utsi wa m'nyumba zakutali. Nditacheuka ndinapeza mayi wina ndi mwana wake aima kumbuyo kwathu akumvetsera. Sindinasiye. Ine, Bambo, amene ndimachita mantha aphunzitsi akangonditchula dzina! Mwanayo anachita kundifunsa kuti kagalu kali pati, ndinamusonyeza.

Kenako mayi uja ndi mwana wake anachoka. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa azakhali ngati akufunadi kubwera kumudzi. Anati chipinda mwawakonzera chija ndi chifundo chachikulu, ndipo sangakane mlongo wawo amene akuchita zonsezi chifukwa cha mantha, poti manthawo ndi a chikondi. Koma anati mzinda uno wonse uli m'mutu mwawo, msewu uliwonse, khoma lililonse, ngakhale mbali yomwe kuwala kumalowera m'chipinda chomwe tinakhalamo. Kumudzi anachokako ali mtsikana, misewu inasintha, khola linasuntha, mitengo ija inadulidwa. Akuti kuno amaonabe. Kumeneko n'komwe akakhale wosaona weniweni.

Anati ndisakuuzeni. Ndalingalira, ndaona kuti munayamba ndinu kundituma.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Loweruka ngolo yodzatengera katundu wawo ija muisiye, mukwere sitima ku Diksmuide, ine ndikakuchingamirani. Tipite nonse ku myuziyamu, mutenge kampando, muwafotokozere mlongo wanu chithunzi chimodzi. Muyende kumbuyo kwawo mumsewu muone nokha. Ndafunsa kale, ndipo mwana wa a Cyriel wavomera kumawawerengera makalata. Akuti kulinso anthu amene amayendera okalamba m'nyumba zawo kudzaona za chakudya ndi zina, inu ndi amayi mungafufuze bwino kuposa ine. Sukulu ikatsegulidwa ndikhoza kumabwera Loweruka lina ndi lina, ntchito yanga ya kukhola ndizigwira ndisananyamuke.

Mukaona zonsezi n'kunenabe kuti asamuke, sinditsutsa. Nditambasula makatoni, ndikulunga mbale, ndinyamula. Ndinu bambo anga ndipo mumawadziwa kuyambira kale. Koma ngati muwachotse kuno, muwachotse mutaona chimene mukuwasiyitsa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo jekete ndikuvala. Moni kwa agogo a Pol, kwa amalume a Dries ndi banja lawo, komanso kwa Warre, asakwere njinga yanga. Azakhali akupereka moni kwa nonse. A Cyriel akuti sakukudziwani koma moni basi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lieselot